Tisanagule Segway, tidziwe kaye kuti njira ndi ya yani

A Mkonzi,

Ndawerenga m'nyuzipepala yanu kalata ya bambo ena a mu Limbe amene akuti, popeza phiri la Mulanje linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, nthawi yakwana yoti khonsolo kapena amalonda agule timakina ta Segway kuti alendo aziyendera paboma ndi m'maesiteti a tiyi, monga amachitira ku Ulaya. Bambowo alemba mokonda dera lathu, ndipo sindikuwanyoza ayi. Kungoti zikuoneka kuti kamakinako anakaonera pa foni. Ine ndinakakwerapo, ku Prague, likulu la dziko la Czech Republic, ndiye ndiloleni ndiyankhepo monga munthu amene nsima ya ana ake imachokera kwa alendo. Pa Likhubula, patsinde pa phirili, ndinayamba ndili mnyamata ngati potala wonyamula katundu wa alendo, lero ndine gaidi wa imvi.

Ulendowo unali wa mu 2015. Anandiitana ndi anyamata ena a ku Czech Republic amene ankabwera kudzakwera khoma la kumadzulo la Chambe, imodzi mwa nsonga za phiri la Mulanje, lija lotalika pafupifupi mamita 1,700 limene okwera matanthwe amalitama kwambiri. Ndinkawanyamulira zingwe ndi kuwaphikira, mpaka tinazolowerana ngati pachibale. Nditafika kwawo anaona kuti bondo langa lakumanzere layamba kukana (mapotala akale tonse timathera m'mawondo), ndiye m'malo mondiyendetsa wapansi tsiku lonse anandilipirira ulendo wa maola awiri woona mzinda pa Segway.

Kwa owerenga amene sanakaonepo, ndi kathabwa koimapo kali pakati pa matayala awiri, lina kumanja lina kumanzere, osati kutsogolo ndi kumbuyo. Pakati pamatuluka chitsulo chofika pamimba chokhala ndi mahandulo. Mpando palibe, zopalasira palibe, ngakhale buleki yoti ufinye palibe. Ukapendekera kutsogolo kamayenda, ukabwerera m'mbuyo kamaima, ndipo pokhota umangopendeketsa mahandulo kumene ukufuna. Chimene chimakaletsa kugwa ndi tizipangizo tam'kati timene timayeza mmene wapendekera maulendo 100 pa sekondi iliyonse, n'kulamula mamota a magetsi kuti matayala athamangire pansi pa thupi lako usanagwe. Anakapanga ndi Dean Kamen wa ku America, amene anayamba wapanga njinga ya olumala yotha kukwera masitepe, ndipo anakaonetsa koyamba mu Disembala 2001. Kamathamanga mpaka makilomita 20 pa ola, batire ikadzaza kamayenda makilomita opitirira 30, ndipo kulemera kwake kumangotsala pang'ono kufanana ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50.

Kunena zoona kanandisangalatsa. Anayamba atatiphunzitsa pakabwalo kena, atativeka mahelimeti. Ukangokwera miyendo imanjenjemera, kamakina nakonso kamanjenjemera nawe, kupita kutsogolo kubwerera m'mbuyo, chifukwa mantha ako onse kamawamvera kumapazi. Mtsikana amene ankatitsogolera anangondiuza kuti ndisiye kuyang'ana pansi, ndiyang'ane kumene ndikupita. Posakhalitsa ndinali ndikuyenda. Misewu ya mzinda wakalewo anaiyala ndi timiyala todulidwa makona anayi, ndiye kugwedeza kwake kumalowa kuphazi mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo pamene pali njanji za sitima zamagetsi zoyenda mumsewu umayenera kuzidula mopingasa kuti tayala lisakodwe. Koma pachitunda chokwera ku Letná, pamene oyenda pansi ankapuma wefuwefu, ine ndinakwera nditaima njo, bondo osamva kanthu. Pamwambapo pali chitsulo chachikulu chofiira chogwedera uku ndi uku, chimene anaimika mu 1991 pamalo pamene panali chiboliboli cha Stalin, mtsogoleri wakale wa Soviet Union, chija anachiphulitsa mu 1962. Ukaima pamenepo mtsinje wa Vltava umaoneka wonse, milatho yake itandandalikana mpaka kutali.

Monga gaidi mnzake, maso anga anali kwambiri pa mtsikana uja kusiyana ndi pa matayala. Nkhani ankazidziwa. Titafika pabwalo la kunja kwa linga la mafumu anatifotokozera za zenera lina la m'katimo, pamene mu 1618 akuluakulu a Chipulotesitanti atapsa mtima anaponyera kunja nduna ziwiri za mfumu ya Chikatolika pamodzi ndi mlembi wawo. Atatu onsewo sanafe. Akatolika ankati anawawakha ndi angelo, enawo ankati anagwera pamulu wa ndowe, koma mkanganowo ndi umene unayatsa nkhondo imene inasakaza Ulaya zaka 30, mpaka 1648. Analozanso nsanja za tchalitchi cha St Vitus, chimene anayamba kumanga mu 1344 n'kudzachimaliza mu 1929. Chimene ndinaona n'chakuti akafuna kutiuza kanthu ankayamba watiimitsa, kutisonkhanitsira pambali, ena mpaka kutsika. Tikanyamukanso ankangoti zii, khosi lili cheucheu kuwerenga ngati tonse tilipo. Pamzere wa anthu ondondozana, maso ali pa tayala la amene ali patsogolo pako, palibe chimene ungamve kapena kufunsa. Zonse zimene ndikukumbukira za tsiku limenelo ndinazimva titaima.

Ndiye panali agogo ena aakazi. Tinakumana nawo m'kanjira kopapatiza kotsika kuchokera ku lingalo, akukoka kachikwama ka matayala ka zogula, buledi akuonekera pamwamba. Atationa tikubwera anaima, n'kukokera kachikwamako kumiyendo, n'kutsamira khoma chammbali, dzanja lina litagwira mwala wa pakhomalo. Tinadutsa mmodzimmodzi, aliyense wa ife atawapitirira msinkhu chifukwa cha kathabwa kaja, ndipo sanayang'ane kumaso munthu ngakhale mmodzi. Ankayang'ana matayala, kudikira lomaliza. Mmene anachitira mosafulumira, zinkaonekeratu kuti n'za tsiku ndi tsiku panjira yopita kunyumba kwawo. Munthu wamkulu pamodzi ndi kamakina ndi katundu woposa makilogalamu 100, woyenda mwakachetechete popanda kulira kwa injini, ali m'manja mwa mlendo amene waphunzira kuyendetsa m'mawa womwewo. Agogowo anali nacho chifukwa chotsamira khoma.

Tsiku lina anzanga aja ali kuntchito ndinabwerera ndekha wapansi, pang'onopang'ono ndi bondo langalo. Ndinaima pagulu pansi pa wotchi yakale ya pa Old Town Square, ya mu 1410, kudikira kuti ola likwane, chigoba cha munthu chosemedwa chija chiimbe belu, atumwi 12 asuzumire pa timazenera. Ndinawoloka mlatho wa Charles, umene mfumu Charles IV inayamba kumanga mu 1357, wotalika mamita opitirira 500, ziboliboli 30 zitandanda mbali zonse ziwiri. Pansi pa chiboliboli cha John wa ku Nepomuk, wansembe amene anaponyedwa mumtsinje kuchokera pamlathowo mu 1393, pali chitsulo chimene chinada ndi ukalamba, koma malo ena ake akuwala chifukwa cha manja a anthu odutsa amene amagwirapo. Nanenso ndinagwirapo. Tsiku limenelo ndinagula soseji pabwalo, ndinamwa khofi, ndinaponya kandalama m'chipewa cha oimba a pamlatho, ndinagulira mayi a kunyumba kachithunzi kojambula pamanja. Tsiku la Segway chikwama changa sichinatuluke m'thumba. Chikanatuluka bwanji, manja onse awiri ali pamahandulo, mtsogoleri akuyang'ana wotchi poti gulu lina likudikira? Ndalama yonse ya ulendo umenewo inalowa pakhomo limodzi, la mwini timakina.

Eni mzinda sanachedwe kutopa nazo. Pa nthawi imene ndinali kumeneko pa Old Town Square pankadzaza anyamata oitanira alendo, ataima pa timakina tomweto n'kumazungulira pakati pa anthu. Chaka chotsatira, mu 2016, dziko la Czech linasintha lamulo la pamsewu kuti makhonsolo akhale ndi mphamvu yoletsa, ndipo khonsolo ya Prague inaletsa Segway m'chigawo chakale cha mzindawo, n'kukhoma zikwangwani mazanamazana. Chigawo chimenecho chili m'kaundula wa UNESCO kuyambira mu 1992. Bambo a mu Limbe akuti kaundulayu ndiye chifukwa chobweretsera timakinati, pamene a ku Prague anatichotsa pamalo omwewo amene ali m'kaundula. Makampani ena anasamukira kunja kwa malire oletsedwawo, ena anayamba kubwereketsa njinga zamagetsi za matayala onenepa. Barcelona nayo inaika malire m'mphepete mwa nyanja. Ku Britain n'kosaloledwa kukayendetsa pamsewu wa boma kapena m'njira ya oyenda pansi, koma pamalo a mwini basi. Anthu a mu Paris atafunsidwa mu Epulo 2023 za timanjinga tamagetsi tobwereka toyendetsa munthu ataimirira (ma scooter), mwa 10 alionse amene anavota pafupifupi 9 anati tichoke, ndipo tinachokadi pa 1 Sepitembala. Mizinda ina monga Rome ndi Kraków maulendo a Segway alipobe, inde. Koma Ulaya sanagwirizane chimodzi pa nkhaniyi.

Palinso mbiri ya kamakina kenikeniko. Kakutuluka kumene kankagulitsidwa pafupifupi madola 5,000 kamodzi, ndipo anthu ankalosera kuti kasintha mayendedwe a m'mizinda yonse. Sizinatero. M'zaka zonse anagulitsa pafupifupi 140,000 basi, tambiri kwa apolisi, alonda ndi makampani oyendetsa alendo. Jimi Heselden, mpondamatiki wa ku Britain amene anagula kampaniyo, anamwalira mu Sepitembala 2010 atagwa nako paphompho n'kugwera mumtsinje wa Wharfe. Okonda masewero akukumbukira mmene wojambula wina ali pa Segway anagwetsera Usain Bolt ku Beijing mu 2015, atangopambana mpikisano wa mamita 200. Chaka chomwecho kampani ya ku China ya Ninebot inagula Segway, ndipo mu Julayi 2020 inasiya kupanga mtundu waukulu uja umene alendo amakwera. Ilipo mitundu ing'onoing'ono yowongolera ndi mawondo, koma imeneyo ndi ya pasimenti. Ndiye amene angabweretse kuno adzagula togwira kale ntchito, mabatire atatopa. Batire ikafa, kapena madzi akalowa m'kati, adzakonza ndani? Amakaniko a pa Chitakale amatha kudzutsa njinga yamoto imene mwini wake anaitaya kale mtima, koma kompyuta ya Segway sikonzedwa ndi sipanala ndi waya.

Tsono kuno kwathu kangayende kuti? Kuphiri ayi. Njira ya Skyline ndi ya Chapaluka zokwera ku Chambe ndi za miyala, mizu ndi masitepe, ndipo popita pa Sapitwa, pa mamita 3,002, pali malo okwawa ndi manja. Ngakhale kupita ku Dziwe la Nkhalamba kokha pali pamene munthu umagwira mtengo. Msewu wa tala wopita ku Muloza ndi wa mathiraki, maminibasi ndi njinga zonyamula matumba, ndipo pa Chitakale kapena pa Limbuli tsiku la msika ngakhale woyenda pansi amayenda chammbali. Kwatsala misewu ya m'maesiteti ndi tinjira ta m'midzi. Ya m'maesiteti ili ndi eni ake, ndipo m'mawa mumadzaza othyola tiyi, madengu ali kumsana, ndi mathirakitala okoka masamba kupita ku fakitale. Tinjira ta m'midzi ndi ta amayi osenza nkhuni ndi zinanazi, ana a sukulu ndi okalamba athu. Mayi amene wasenza mtolo wautali wa nkhuni sangatembenuke msanga, ndipo chinthu chobwera kumbuyo kwake popanda phokoso sangachimve. Onjezanipo matope ofiira a m'dzinja, chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimene chimatereretsa dothi, misewu ndi milatho imene namondwe Freddy anagumula mu Malichi 2023, ndi magetsi othimathima oti muzitchajira.

Komabe bambowo akhudza vuto lenileni, limene ine ndimakumana nalo sabata ndi sabata. Si mlendo aliyense angakwere phiri. Amabwera okalamba, amabwera mabanja a ana aang'ono, amabwera a mu Blantyre Loweruka atavala nsapato za mu ofesi. Amenewa amafika pa Likhubula, kujambulitsa, kugula ndodo kapena kabokosi ka mkungudza (ngakhale mkungudzawo watha m'phirimu, koma imeneyo ndi kalata ina), n'kubwerera tsiku lomwelo, chifukwa pansi pa phiri palibe choti awonetsedwe. Ntchito yonse ya ugaidi kuno inamangidwa poganizira wokwera phiri yekha. Esiteti ina itafuna kugula timakina tochepa ndi ndalama zake, kuti alendo ake aziyendera m'misewu yake antchito ataweruka, sindingatsutse. Chimene ndikukana n'chakuti ndalama za khonsolo zipite kumeneko, kapena kuti njira za anthu zisanduke bwalo lophunzirirapo alendo kuyendetsa.

Matayala onyamula mlendo wosatha kuyenda tili nawo kale. Pa siteji iliyonse kuyambira pa Nkando mpaka pa Muloza pali anyamata a kabaza, a njinga zakapalasa ndi zamoto, odziwa kanjira kalikonse, dzenje lililonse ndi mudzi wa mfumu iliyonse. Sipoko ikathyoka amakonzera pansi pa mtengo. Amaimba belu, amapereka moni, amadziwa kupatukira agogo. Mlendo wokhala kumbuyo manja ake ndi omasuka. Angajambule, angaloze n'kufunsa, angaimitse njinga kuti agule nanazi kapena chigumu. Gulu la alendo 10 ndi njinga 10, ndalama n'kulowa m'nyumba 10. Chimene anyamatawa alibe ndi chimene mtsikana wa ku Prague anali nacho: nkhani yokonzedwa bwino, ndi malo odziwika oimapo kuti aifotokoze.

Nkhanizo tili nazo, mwina kuposa mmene tingathere kuzinena. Tiyi amene alendo amamujambulayu anayamba kulimidwa kuno mu 1891, pamene Henry Brown anabzala mbande pa Lauderdale, Kenya isanakhale ndi tchire ngakhale limodzi. Amene analambula minda imeneyi ambiri anali Alhomwe owoloka Ruo ndi Muloza kuchokera ku Mozambique, n'kugwira thangata, mwezi wa lendi ndi mwezi wa msonkho, ndipo zidzukulu zawo ndi zomwe zikupalasa kabaza lero. Pakati pa phiri lathu ndi phiri la Michesi pali mabwinja a Fort Lister, linga limene Angerezi anamanga mu 1893 kuti atseke njira ya akapolo. Kumbali yomweyo, ku Phalombe, ndi kumene Napolo anatsika mu Malichi 1991, ndipo alipo amoyo amene anamuona. Pa Chonde mu Okutobala pamakhala Mulhako wa Alhomwe, tchopa ikuvinidwa, kalongonda ali pamoto. Ndipo a UNESCO sanalembe phirili chifukwa cha kutalika kwake. Analilemba chifukwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalilemekeza ngati malo a mizimu ya makolo, nkhani imene gaidi wochokera kunja sangaifotokoze monga angaifotokozere mwana wa m'mudzi momwemo.

Si maloto ayi, ndinayesapo. Kunabwera mkulu wina ndi mkazi wake, onse oyendera ndodo, ana awo atakwera ku Chambe n'kuwasiya pansi. Ndinaitana mphwanga amene amapalasa kabaza pamodzi ndi mnzake, ine n'kumatsatira pa njinga yanga. Tinadutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi, ndipo mayi wina wothyola atalola, tinaima. Anawaonetsa mmene zala zimatsinira masamba awiri ndi nsonga, manja onse awiri akugwira nthawi imodzi, n'kuponyera kumsana osayang'ana dengu. Mlendo wamkaziyo atayesa anathyola nthambi yathunthu, munda wonse kuseka. Tinaimanso pa mayi wogulitsa zinanazi, amene anasenda imodzi ndi chikwanje chake pomwepo, madzi akuchucha m'zigongono. Tinamalizira pachigayo, pamene mkuluyo anakhala nthawi yaitali akufunsa za mgaiwa ndi ufa woyera. Madzulo ana awo atatsika, okalambawo ndi amene anali ndi zambiri zokamba. Mphwanga anapeza tsiku limenelo zimene sapeza ngakhale tsiku la msika, koma mlendo akafunsa kuti esiteti iyi inayamba liti, ankanditembenukira ine.

Pempho langa kwa khonsolo ya Mulanje, mafumu athu, a zokopa alendo ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust lili pawiri. Loyamba, lamulo lonena za zoyendera zamagetsi m'njira za oyenda pansi lilembedwe tsopano, wina asanatsitse kontena yake, chifukwa ku Prague anadzalemba anthu atalowetsa kale ndalama zawo mu bizinesiyo ndipo mkangano unali waukulu. Linene kumene zingayende, liwiro lake, ndi amene adzalipire ngati mwana wagundidwa. Lachiwiri, asankhidwe anyamata ndi atsikana a kabaza ochepa pa siteji iliyonse, aphunzire mbiri ya dera lino, Chingerezi chokwanira kulandirira mlendo ndi chithandizo choyamba. Akhale ndi nambala pamsana, helimeti ya wokwera, ndi mtengo wolembedwa poyera kuti pasakhale kukanganirana mlendo kapena kumudyera masuku pamutu. Njira zoyendamo ndi malo oimapo agwirizane ndi mafumu ndi eni maesiteti, ndipo amene akujambulidwa pantchito yake aziyamba wapemphedwa.

Ophunzitsa tilipo pa Likhubula, ena mawondo anatha koma mitu ikadali bwino. Nthawi yabwino ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene mvula yachepetsa alendo kuphiri ndipo magaidi ambiri tili pakhomo.

Gaidi wa pa Likhubula,
Mulanje